Zimene ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono ankasowa pa nthawi ya Covid-19

Mayi, mwafunsa chifukwa chimene anamwino ndi madokotala ankadandaulira kwambiri pa nthawi ya Covid-19 chikhalirecho kusamalira odwala ndi ntchito imene anasankha okha, ndiponso ngati nkhani yonse sinali ya maalawansi basi. Ndikuyankhani monga munthu amene ndinali pa chipatala china chaching'ono cha kumudzi m'zaka zimenezo, chifukwa zambiri zimene zinkamveka pa wailesi zinali za ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central, pomwe wodwala wa kumudzi amayamba wafika kwa ife.

Chimene chinkatisowetsa mtendere koposa chinali chakuti matendawa ankafanana ndi amene timakumana nawo tsiku ndi tsiku. Munthu wotentha thupi, wophwanya m'thupi ndi kutsokomola akhoza kukhala ndi malungo, chibayo kapena chifuwa chachikulu. Malungo timayeza ndi kadontho ka magazi a pachala ndipo zotsatira zimatuluka wodwala asanadzuke pa benchi, koma odwala Covid oyamba atapezeka m'dziko muno pa 2 Epulo 2020, zoyezera matendawa zinali m'malabotale owerengeka okha. Zimene tatenga m'mphuno mwa wodwala zinkayenera kupita kutali, ndipo zotsatira zinkabwera patapita masiku. Pa masiku onsewo munthuyo anali atakhala kale pamzere umodzi ndi amayi a sikelo, agogo odwala shuga ndi anthu odzatenga ma ARV, pakuti chipatala cha zipinda zitatu kapena zinayi chilibe malo opatulirako munthu.

Za maalawansi sindikana, nkhaniyo inalipodi, ndipo ogwira ntchito ku Queen Elizabeth atanyanyala ntchito mu Epulo 2020 anaitchula poyera pamodzi ndi nkhani ya zovala zodzitetezera. Komabe muganizire namwino amene wavala masiki imodzi kwa masiku angapo, magolovesi akuchita kuwerenga, madzi a m'ndowa ya pakhomo achita kukatungidwa ku mjigo, kenaka madzulo akubwerera kunyumba kumene kuli ana ndi makolo okalamba. Ndalama imene ankapempha inali yochepa poyerekeza ndi chiopsezo chimenecho. Pambuyo pake zitamveka kuti K6.2 biliyoni ya Covid sinayende bwino, ndipo gawo lina linathera m'maalawansi a misonkhano, amene anapsa mtima kwambiri anali omwewo amene ankatchedwa okonda ndalama.

Mu Januwale 2021 mliri unafika poipa, moti nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo bwalo la masewero la Bingu linasanduka chipatala. Ngati mpweya wa okosijeni unkavuta m'mizinda, kumudzi kunali kotani? Makina opangira mpweyawu amafuna magetsi, ndipo magetsi akazima makinawo ndi chitsulo chabe. Ngakhale kachipangizo kopana pachala koyezera mpweya m'magazi, kamene si kodula n'komwe, kankasowa, chonsecho ndi kamene kamatiuza kuti uyu abwerere kunyumba, uyu atumizidwe msanga. Ukaganiza zotumiza wodwala, ambulansi ili ku chipatala china kapena ilibe mafuta, ndipo nyengo ya mvula msewu wake ndi matope okhaokha.

Tinalinso ochepa. Pamalo pamene pali dokotala wamng'ono mmodzi ndi namwino mmodzi kapena awiri, wina akadwala n'kudzipatula kwa masabata awiri, wotsalayo amagwira usana ndi usiku, poti mayi woyembekezera amene matenda ake ayamba sangauzidwe kuti adikire mliri uthe.

Chimene chinandipweteka ine kuposa kutopa chinali kutaya chikhulupiriro cha anthu. Kunamveka mphekesera zoti achipatala akulandira ndalama pa maliro alionse olembedwa kuti ndi a Covid, ndiponso zoti tikubaya anthu jekeseni yakupha. Odwala anayamba kubisala m'nyumba n'kumabwera zinthu zitathina kale, ana ena anadumpha katemera wawo wa nthawi zonse, ndipo malamulo oika maliro mwachangu anatidanitsa ndi mabanja amene tinkakhala nawo bwino. Katemera wa AstraZeneca atafika mu Malichi 2021 mantha omwewo anamutsatira, ndipo mu Meyi boma linatentha katemera wokwana 19,610 amene masiku ake anali atatha. Kwathuko zinthu zinayamba kusintha alangizi a zaumoyo atayamba kuyenda khomo ndi khomo, ndiponso mfumu ina itavomera kubayitsa katemera anthu ake akuona, ngakhale kuti alangiziwo anayenda maulendo ambiri pa njinga zawo zakapalasa opanda ngakhale masiki yosinthira.