Zolakwika zomwe zimagwetsa CV

Achemwali a ku Ntcheu, mwafunsa chifukwa chake mukungotumiza CV malo ambiri koma osaitanidwa ku intavyu. Ndikuuzeni zomwe ndimaziona kawirikawiri kuno ku Dedza achinyamata akandibweretsera kuti ndiwaonereko.

Chachikulu ndi kutumiza CV imodzi yomweyo paliponse. Ntchito ya ukalaliki pa sukulu ndi yosunga katundu kwa wogula mbatatesi ku Tsangano sizifuna munthu wofanana. Werengani bwino chilengezo cha ntchitoyo, ndipo zimene akufunazo zionekere pamwamba. Mawu oti "ndine wolimbikira ntchito" aliyense amalemba. Inu nenani zimene manja anu anagwira: kuti munkalemba malisiti, kusunga buku la katundu, kuwerengera ndalama madzulo alionse pa golosale. Ntchito yongodzipereka ku mpingo kapena ku CBO (bungwe la anthu a m'dera lothandiza pa chitukuko) nayonso musaisiye, imasonyeza kuti anthu anakudaliranipo.

Za maphunziro, chonde bodza ayi. Magiredi a MSCE lembani momwe alili pa setifiketi. Olemba ntchito amatha kukatsimikiza ku MANEB, ndipo akakugwirani mwadzitsekera khomo nokha.

Zimandimvetsa chisoni munthu woyenera akaphonya mwayi chifukwa analemba nambala ya simu imene anataya kalekale. Anthu okuchitirani umboni muyambe mwawapempha, ndipo asakhale amalume anu. Mphunzitsi wamkulu kapena bwana wanu wakale ndiye oyenera.

Masamba awiri akwana. Pa imelo tumizani PDF, osati chithunzi chojambula ndi foni CV ili pa mphasa. Setifiketi yeniyeni isachoke m'manja mwanu, perekani fotokope. Musanatumize, mphunzitsi wa Chingerezi aiwerengeko kaye CV yanuyo.