Yankho: Kodi thabwa la thanga lija limayendadi pa nyanja youndana?

Achimwene, mwafunsa ngati vidiyo mwaiona pa Facebook ija, ya munthu akuuluka ndi thanga pamwamba pa ayezi, ndi yoona. Ndi yoona ndithu. Kuno ku Finland ndawaonapo ndi maso angawa, m'miyezi ya February ndi March.

Thanga lake ndi lomwe lija la pamadzi, wokwera amaligwira ataimirira. Chosiyana ndi thabwa. Pansi pake amamangapo zitsulo zakuthwa ngati mipeni, zofanana ndi za nsapato zotsetserekera, ndipo kukagwa chipale chofewa amaikapo ma ski, timatabwa tatitali totsetserekera pa chipalecho. Popeza ayezi sagwira thabwa monga amachitira madzi, kamphepo kochepa kokha kamakwanira, munthu n'kumathamanga kuposa mphepo yomwe ikumukankhayo. Mukamva phokoso lake, kwee! ngati wina akunola chikwanje.

Chimene vidiyo sikuonetsani ndi kukonzekera. Ayezi wolimba, woonekera mkati ngati galasi, amafunika akhale wochindikala masentimita 10 kuti anyamule munthu woyenda pansi, ndipo amayamba aboola kaye kuti ayeze. Malo olowera mtsinje amawapewa, pamakhala popyapyala. M'khosi amakolekamo timisomali tiwiri ta zigwiriro, toti akagwera m'madzi abaye pa ayezi n'kudzikoka. Helemeti ndi zotchinga maondo sizisiyidwa, chifukwa kugwa pamenepo kuli ngati kugwa pa simenti.

Mpikisano wa dziko lonse uliponso, umakonzedwa ndi bungwe la WISSA, loona za masewera a thanga pa ayezi ndi pa chipale chofewa, ndipo wachitikirapo ku Finland, Estonia ndi Canada. Ine ndinayesako kamodzi, chiuno chinandiwawa sabata yathunthu.