Mafunso a Ziweto: Kalulu akumaliza kapeti ya landilodi

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ndimakhala ku Leicester m'nyumba ya lendi yomwe ili ndi kapeti chipinda chilichonse. Ana anandivutitsa mpaka ndinawagulira kalulu wamkazi, pano ali ndi miyezi 6 ndipo amagona m'nyumba. Chiyambireni mwezi watha akukumba pakona kuseri kwa sofa, wazula ulusi mpaka pansi pakuoneka. Ndamukalipira, ndamuwaza madzi, koma sakusiya. Ndikuopa kuti dipoziti yanga ipita. Nditani? — Mayi wa ana awiri, Leicester

YANKHO: Mayi, kukumba sadzasiya. Akalulu onse oweta anachokera ku mtundu wa kalulu wakutchire wa ku Spain ndi Portugal, womwe umakhala pansi pa nthaka m'mauna olumikizana. Ndi wosiyana ndi kalulu wa m'tchire la kwathu, uja amene amangobisala m'udzu osakumba una. Ndipo pa mtundu umenewu okumba kwambiri ndi aakazi. Wanuyo wangotha kumene msinkhu, pakuti akalulu amatha msinkhu pakati pa miyezi 3 ndi 6, n'chifukwa chake khalidweli labuka posachedwa. Zomwe mungachite ndi kutseka pamene akukumbapo ndi kumupatsa malo ena oti azikumba, zonse tsiku limodzi. Mukangotseka pakona popanda kumupatsa pena, mawa ayambira kona ina.

Koma tisanafike pa dipoziti, pali chinthu choopsa kuposa ndalamazo. Kalulu sasanza. Chilichonse chimene wameza chimayenera kudutsa m'matumbo, ndipo ulusi wa kapeti, womwe nthawi zambiri ndi wa nayiloni kapena pulasitiki, sugayika. Chimodzimodzi chisiponji chimene amayala kunsi kwa kapeti. Zinthuzi zikaunjikana zimatseka matumbo. Muziyang'ana ndowe zake tsiku lililonse: zikayamba kuchepa, kukhala ting'onoting'ono touma, kapena kutuluka zitalumikizana ndi ulusi wamtundu wa kapeti yanu, ndiye kuti akumeza. Akakhala maola 12 osadya kapena osachita chimbudzi, atadzipinda pakona ndi kukukuta mano, thamangani naye kwa dotolo wa ziweto nthawi yomweyo, ngakhale uli usiku. Kalulu wotere akhoza kufa mawa lisanafike.

Tsopano pakona paja. Tengani sizasi mudule ulusi wonse womwe watuluka. Musaukoke, chifukwa kapeti zina mukakoka ulusi umodzi mzere wonse umasomboka. Gwirani m'mphepete mwa khoma: ku Britain kapeti imagwidwa ndi timatabwa tokhala ndi timisomali tambiri toloza m'mwamba, ndipo kalulu akafika pamenepo amadzibaya kuphazi. Kenako phimbani malowo ndi chinthu chomwe sangachinyamule ndi mano. Matailosi akuluakulu awiri kapena atatu amagwira bwino ntchito, ndiponso amazizira kotero kuti nthawi yotentha amagonapo. Pulaiwudi nayo ndi yabwino, kapena pulasitiki yolimba ija amayala pansi pa mipando ya mu ofesi, bola m'mphepete mwake mupanikizidwe ndi mwendo wa sofa kapena tebulo. Chophimbacho chipitirire pa bowo ndi masentimita 30 mbali zonse, apo ayi azingokumba m'mbali mwake. Kunsi kwa sofa ndi kwa bedi tsekaniko ndi matabwa kapena makatoni, chifukwa malo amdima ndi opanikizika ndi amene amamukumbutsa una.

Musathamangire kuchotsa kapeti yonse n'kumusiya pa matailosi oterera. Mapazi a kalulu alibe timinofu togwirira pansi tomwe ali nato galu ndi mphaka, ndi ubweya wokhawokha. Poterera amachita mantha kuthamanga ndipo akhoza kubinya mwendo.

Malo okumbawo ndi osavuta kukonza. Pezani katoni yaikulu kapena bokosi lapulasitiki losungira zovala, lotalika kuwirikiza kawiri thupi la kaluluyo kuti azitha kutembenukamo. Ngati ndi katoni, chotsani selotepu ndi tizitsulo tonse, mubowole makomo awiri, chifukwa kalulu sakonda malo okhala ndi khomo limodzi lokha. Thiranimo mapepala ong'ambang'amba osanyezimira osakaniza ndi udzu wouma, kuya kwake masentimita 20 mpaka 25. Pansi penipeni yalani makatoni angapo osanjikiza, kuti akakumba apeze cholimba choti aching'ambe. Popanda zimenezi ambiri amatopa nalo msanga bokosilo. Bisanimo chakudya chake cha timibulu cha tsikulo m'malo mochiika m'mbale, ndipo bokosilo muliike pomwepo pakona paja, pamwamba pa matailosi. Musaikemo mchenga wochitiramo chimbudzi amphaka uja umaundana ukanyowa, utuchi wa paini, kapena matawulo akale okhala ndi ulusi wautali. Ngati mukufuna dothi, likhale lopanda feteleza kapena mankhwala, koma dziwani kuti kusesa kukuchulukirani.

Mukamupeza akukanda kapeti, ombani m'manja kamodzi, mumutsogolere ku bokosi, ndipo akangoyamba kukumbamo mupatseni katsamba komwe amakonda. Auzeni ana azichita chimodzimodzi. Kumuwaza madzi, kumumenya kapena kumunyamula mwaukali kumangomuphunzitsa kukuopani, ndipo akaphiriphitha ali m'manja akhoza kuthyoka msana. Mankhwala owawa opopera pa kapeti omwe amagulitsa m'masitolo a ziweto musawadalire; akalulu ambiri sawasamala n'komwe.

Akalulu amatakataka m'mbandakucha ndi chisisira, nthawi imene inu muli m'tulo kapena kukhitchini. Pamene palibe womuyang'anira, akhale mu mpanda wake woyala bwino pansi. Koma mpandawo usakhale kakhola. Bungwe la Rabbit Welfare Association & Fund la ku Britain komweko limati akalulu awiri amafunika malo osachepera mamita 3 m'litali, 2 m'lifupi ndi mita imodzi kupita m'mwamba, usana ndi usiku. Kalulu wotsekeredwa mopanikizika akangotulutsidwa amaononga kwambiri. Udzu wouma usamusowe: mulu waukulu ngati thupi lake tsiku lililonse, chifukwa ndiwo chakudya chake chenicheni ndipo mano ake amakula moyo wake wonse. Kalulu amene wakhuta timibulu m'mphindi zisanu amakhala ndi tsiku lonse loti asake chotafuna. Zikhadabo muzimudula pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, kunsonga kokha, osafika pa kamtsempha kofiira kamene kamaoneka mkati.

Chomaliza, kambiranani ndi dotolo za opaleshoni yochotsa chiberekero ndi mazira. Pa miyezi 6 wakwana. Imachepetsa kwambiri kukumba kobwera ndi msinkhu, ngakhale kusinthako kumaoneka pakapita milungu ingapo, ndipo imamuteteza ku khansa ya m'chiberekero yomwe imagwira akalulu aakazi ambiri akamakula. Akachira, ganizirani zomupezera mnzake wamphongo wofula. Kalulu wokhala yekha amasungulumwa, ndipo kusungulumwako kumathera pa kapeti.

Za dipoziti: bowo laling'ono akatswiri oyala makapeti amatha kuikapo chigamba, makamaka ngati pali chidutswa chomwe chinatsala poyala. Ndi bwino kuwauza nokha eni nyumba ndi kugwirizana za kukonzako kusiyana n'kuti akazitulukire tsiku lotuluka.

FUNSO: Wanga sakumba m'makona, amangokanda pansi pa chitseko cha kuchipinda chogona usiku wonse. Ndi vuto lomwelo? — Wophunzira, Manchester

YANKHO: Ayi achimwene, ameneyo akufuna kudutsa. Kwa iye chitseko ndi chotchinga njira, ndipo njira yotsekeka amaitsegula pokumba. Bokosi la mapepala pano silithandiza kwenikweni. Lowetsani thabwa lopyapyala kapena pulasitiki yolimba kunsi kwa chitseko kuti iphimbe mbali zonse ziwiri, kenako sankhani: mumulole azilowa, mutabisa kaye nthambo zonse za magetsi m'mapaipi apulasitiki, kapena muike kampanda mita imodzi chitseko chisanafike kuti asamachikhudze n'komwe. Musamadzuke kukamutsegulira akayamba kukanda, chifukwa aphunzira kuti kukanda n'kumene kumatsegula chitseko.

FUNSO: Kwathu kulibe kapeti, pansi ndi pa simenti. Kalulu wa mwana wanga akudya mphasa, ndipo tikamutulutsa panja amakumba pansi pa mpanda wa waya. — Bambo wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Bambo, mphasa ya bango yosapaka utoto kapena vanishi simuvulaza akaitafuna, choncho mupatseni yakutha ikhale yakeyake, yabwinoyo muziipinda mukadzukapo. Chomwe muyenera kuchotsa ndi chingwe chosokera ngati ndi cha ulusi wa thumba la feteleza kapena cha nayiloni, komanso mikeka yapulasitiki ija ya pamsika, chifukwa zimenezi zimatseka matumbo. Panja, kumbani ngalande yakuya masentimita 40 mpaka 50 kuzungulira mpanda, mulowetsemo waya wolimba wa timabowo ting'onoting'ono, kunsi kwake muupindire mkati, kenako mukwirire. Waya wa nkhuku ndi wofewa, amaudula ndi mano ndipo m'dothi umachita dzimbiri msanga. Pakati pa mpandawo unjikani dothi wilibala imodzi kapena ziwiri kuti azikumbapo, ndipo madzulo aliwonse muzikwirira mauna omwe ayamba kulowera kumpanda. Pamwamba pakhale waya ndi mthunzi, chifukwa cha agalu, akabawi ndi dzuwa la mu October.