Yankho kwa azakhali pa nkhani ya webusaiti ya madiresi

Mwachoma bwanji azakhali, ndi nonse muli pagulu pano. Ndamva funso lanu lija, loti pali mnyamata akufuna kukupangirani webusaiti ya madiresi a chitenge mumasoka aja, ndiye mukufunsa ngati mulipire, poti pa Facebook anthu amangodina like koma osagula. Ndayankha ndi mawu chifukwa kulemba kukanatalika.

Webusaitiyo musaithamangire, ibwere pomaliza. Mayi amene akufuna diresi la kitchen party kapena yunifolomu ya chilanga mulilo amafuna kulankhula ndi telala, atumize miyeso, amve tsiku lotenga. Zimenezo zimachitikira pa WhatsApp. Ndiye yambani ndi WhatsApp Business, ndi yaulere. Koma dziwani kuti nambala imodzi siyingakhale pa WhatsApp wamba ndi pa Business nthawi imodzi. Gulani SIM ina, ya MTN, Airtel kapena Zamtel, ikhale ya bizinesi basi, kuti mauthenga a makasitomala asasakanikirane ndi a maliro ndi a kumpingo. M'kati mwa WhatsApp Business muli catalogue, poonetsera katundu amene mukugulitsa. Diresi lililonse muikepo chithunzi, mtengo, masaizi, ndi masiku amene mumatenga kusoka. Muikenso uthenga wodziyankha wokha wonena nthawi imene mumatsegula, kuti wolemba usiku asaganize kuti mwamunyoza.

Tsopano ma like aja. Ndayang'ana zimene mumaika. Vuto loyamba, palibe mtengo, mumalemba kuti afunse ku inbox. Azakhali, anthu ambiri amachita manyazi kufunsa mtengo kuopa kuti upambana thumba lawo, amangodutsa. Lembani poyera, mwachitsanzo K350 nsalu ndi yanu, mtengo wina ngati nsalu ndi yanga, ndili ku Kamwala, dinani apa. Vuto lachiwiri ndi zithunzi. Mukujambula madzulo m'shopu ndi getsi lachikasu, ndiye nsalu yofiira imaoneka ngati yofiirira, kasitomala akalandira akuti mwamusinthira. Jambulani m'mawa pafupi ndi zenera, kumbuyo kukhale khoma loyera, mupukute kaye diso la kamera. Diresi likhale pathupi la munthu, kutsogolo, kumbuyo, ndi china chapafupi choonetsa msoko ndi zipi. Ngati wavala ndi kasitomala, mupemphe kaye chilolezo.

Mutsegulenso Page ya bizinesi, musamagulitsire pa akaunti yanu. Akaunti ya munthu imathera pa abwenzi 5,000, ndiponso kulipira kuti chithunzi chifike kwa anthu ambiri, chimene amati boost, kumatheka pa Page. Mukafuna kuchita boost, apa ndi pamene ndalama zimatayika. Musasankhe Zambia yonse. Sankhani Lusaka ndi makilomita ochepa ozungulira, akazi, msinkhu wa makasitomala anu, ndipo cholinga chikhale mauthenga a pa WhatsApp, osati ma like. Yambani ndi ndalama yochepa kwa masiku asanu, makamaka kumapeto kwa mwezi anthu atalandira, kenaka muwerenge kuti alemba angati, agula angati. Pamafunika khadi la ku banki ngati la Visa. Amene amagulitsa ma follower, athaweni, amenewo ndi maina opanda anthu.

Pa Status ya WhatsApp ikani zithunzi zitatu kapena zinayi patsiku, zimafufutika pakatha maola 24. Mukaika makumi awiri anthu amakutsekani. Broadcast, yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, imanyamula anthu 256, koma imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu, ndiye aliyense wogula mumuuze kuti aisunge. Za Ufulu pa 24 Okutobala ndi za Khirisimasi, yambani kuonetsa mwezi wathunthu zisanafike, kusoka kumafuna nthawi.

China chaulere, lembetsani shopu pa Google Business Profile kuti izioneka pa mapu, ndi nambala ndi nthawi yotsegula. Woyendetsa Yango wodzatenga katundu savutikanso kukupezani.

Eya, tibwerere kwa mnyamata uja. Ikadzafika nthawi ya webusaiti, chachikulu ndi kupepuka kwake, chifukwa makasitomala anu amatsegula pa foni ndi bandulo yowerengera. Chithunzi chochokera mu foni chimalemera mwina 4 MB. Mukaika zithunzi 20 patsamba limodzi ndi 80 MB, munthu ali mu minibasi akungoona choyera, bandulo ikutha, amatseka osabweranso. Zomwezo mukazichepetsa, m'lifupi mwake mapikiselo 1,200, kulemera 150 KB chilichonse, zonse pamodzi ndi 3 MB basi, ndipo pa foni diso silisiyanitsa. Squoosh kapena TinyPNG amachita zimenezi kwaulere, ndipo mtundu wa WebP umapepuka kuposa JPEG. Mumuuze kuti simukufuna vidiyo yodziyamba yokha, simukufuna zithunzi zoyendayenda pamwamba paja, nyimbo ayi. Ngati akugwiritsa ntchito WordPress, pulogalamu yopangira webusaiti, asadzaze timapulogalamu towonjezera totchedwa ma plugin, iliyonse imawonjezera katundu. Masamba atatu akwana, madiresi ndi mitengo, kumene muli, ndi batani lalikulu la WhatsApp. Batanilo amalemba wa.me kenaka 260 ndi nambala yanu, kuchotsa ziro woyamba uja. Akapanda kuchotsa ziroyo, silitsegula.

Musanamalize kulipira, muyese nokha. Pitani pa PageSpeed Insights ya Google, muike adiresi ya webusaitiyo, muone mbali ya Mobile. Imapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 100, kufiira ndi pansi pa 50, kubiriwira ndi 90 kupita m'mwamba, ndipo chithunzi chachikulu cha tsambalo chiyenera kuoneka pasanathe masekondi awiri ndi theka. Ikafiira, akonze kaye. Muyesenso pa foni yotsika mtengo ndi data wamba, osati pa Wi-Fi ya kunyumba kwake, paja pa Wi-Fi chilichonse chimathamanga.

Ndipo mumvetse apa azakhali. Dzina la webusaiti, limene amati domain, kaya ndi .co.zm kaya .com, lilembetsedwe m'dzina lanu ndi imelo yanu, ma password akhale kwa inu. Limalipiridwa chaka ndi chaka, malo osungira webusaiti nawonso amalipiridwa, ndiye mumufunse lero kuti chaka chamawa mudzapereka zingati ndipo kwa ndani. Likalembetsedwa m'dzina lake, tsiku limene mudzasemphana mawu webusaiti yapita naye. Perekani theka poyamba, theka akamaliza.

Pa malipiro a makasitomala, uthenga wa SMS kapena chithunzi chakuti ndatumiza musachikhulupirire, akuba amazipanga zabodza. Tsegulani Airtel Money kapena MoMo yanu muone kuti balansi yakweradi, ndiye diresi lituluke, kaya likupita pa basi ku Intercity kaya ndi la m'tauni momwemuno. Ndipo manambala 6 aja amene WhatsApp imatumiza, musapatse munthu, ngakhale atalemba ndi dzina la wachibale wa pagulu pano. Yatsani two-step verification, PIN yanuyanu yotetezera WhatsApp, lero lomwe.

Mawa m'mawa jambulani diresi lobiriwira lija pazenera, mutumize zitatu pano ndi mtengo wake, tiyambire pamenepo kupanga catalogue. Moni kwa atsibweni.