Kujambula chipatala chakale cha ku Denbigh

Achimwene, mwafunsa ngati mungalowe m'chipatala chakale cha odwala matenda a maganizo ku Denbigh, kumpoto kwa Wales, kukajambula zithunzi, komanso zoti munyamule. Yambani ndi chilolezo. North Wales Hospital, lomwe ndi dzina la chipatalacho, inatsegulidwa mu 1848, inatsekedwa mu 1995, ndipo yapsapo kangapo, moto wa 2008 unawononga holo yake yaikulu. Malowo ali ndi eni ake. Ku Wales ndi England kungoponda pamalo a eni kawirikawiri si nkhani ya apolisi, koma mukathyola loko, kudula waya kapena kuzula thabwa lotsekera windo, mwapalamula mlandu wowononga katundu. Munthu wokhala pa visa asaseweretse zimenezi. Alembereni eni malo, tchulani tsiku, chiwerengero chanu ndi ntchito ya zithunzizo. Akakana, jambulani muli kunja kwa mpanda.

Akakulolani, mdani wanu wamkulu ndi pansi pomwe mukupondapo. Denga likadontha zaka zambiri, mitengo yonyamula matabwa imawolera kunsonga kumene inalowa m'khoma, pamene kapeti pamwamba akuoneka bwinobwino. Thabwa lowola limang'aluka timagawo ta makona anayi ngati makala, ndipo mukalitsina limafumbutuka. Musanakwere m'chipinda cham'mwamba, imani m'chipinda cha pansi pake muunike kudenga ndi tochi. Pulasitala akagwa, mitengo ikada ndi chinyezi, musakwere. Ndere kapena kamtengo komera m'kati mwa chipinda ndi chizindikiro chomwecho.

Mdani wachiwiri ndi mpweya. Britain inaletseratu asbestos (ulusi womangira nyumba umene fumbi lake limawononga mapapo) mu 1999, ndiye nyumba zakale zotere kawirikawiri zimakhala naye, makamaka wokutira mapaipi m'chipinda cha boiler (makina otenthetsera madzi) ndi m'ngalande zapansi. Amaoneka ngati thonje lakale lotuwa lolendewera pa paipi. Valani masiki ya FFP3 kapena yokhala ndi zosefera za P3. Yansalu ija sithandiza, ndipo ndevu zimasiya mpata m'mbali, choncho metani. M'ngalandemo musalowemo n'komwe, masiki ikhalepo isakhalepo. Zitosi zouma za nkhunda nazonso musazitibule. Mukatuluka, zovala ziikeni m'pepala la pulasitiki osazikutumula.

Nsapato zikhale zachitsulo kuphazi chifukwa misomali ili mbwee. Chipewa cholimba, matochi awiri, katemera wa kafumbata akhale wosatha mphamvu. Mupite awiri, ndipo wina kunyumba adziwe ola lomwe mutuluke.

Pa kamera: tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu), ISO 100 ndi f/8 (miyeso ya kuwala yotchera pa kamera), lens ya 16 mpaka 24mm. M'makhonde amdima shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) imafuna kukhala yotseguka masekondi 2 mpaka 15, ndiye gwiritsani timer, ndipo muime chilili osasuntha, pakuti matabwa amanjenjemera mukaponda, chithunzi chimatuluka chachimbuuzi. Vuto lalikulu ndi mawindo: amayera mbee pamene khonde lili bii. Jambulani katatu malo amodzi, chithunzi choderapo (-2), chapakati (0) ndi chowala kwambiri (+2), mudzaphatikize pa kompyuta. Kamera ikhale yowongoka, mukaipendeketsa m'mwamba makoma amaoneka ngati akugwera m'kati. Flash isiyeni, imapha maonekedwe a penti yosupuka, yomwe imakongola ndi kuwala kochokera m'mbali tsiku lamitambo. Lens musasinthire m'katimo, fumbi likhala pa sensor (kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwa kamera). Batire yapadera isungeni m'thumba lam'kati, kuzizira kwa kumeneko kumaimaliza msanga.

Chinthu china chimene chimandikhudza mtima. Munkakhala anthu m'menemo, ena moyo wawo wonse, ndipo abale awo alipo. Mukapeza mafayilo kapena makadi a mayina a odwala, musawajambule, musatenge, musaike pa Facebook. Auzeni eni malo kuti akawapereke kosungira zolemba zakale za boma la Denbighshire. Ndipo pansi pa zithunzi zanu lembani dzina la chipatala ndi zaka zake, osati mawu oti "kwa amisala".