Shuga atanditsikira pantchito anati ndaledzera

Achemwali, zoti abwana anu akukudulani malipiro tsiku lililonse lomwe mwapita ku kiliniki ya shuga, kenako ati musamadyerenso pakauntala, zandiwawa mpaka m'mafupa. Anthu amenewa maganizo awo ndi amodzi kulikonse. Ine anandichita zomwezi ku Limbe, pa sitolo ina yaikulu ya zipangizo zomangira nyumba, kumene ndinkayang'anira katundu ku stores.

Atandipeza ndi shuga ndinakawauza ndekha, ndi mtima woyera, buku la kuchipatala lili m'manja. Kuchokera tsiku limenelo dzina langa linatha, ndinasanduka "wodwala uja". Inu nonse muno mukudziwa tsiku la kiliniki mmene limakhalira: kufika mbandakucha usanadye kanthu kuti akuyeze, kudikira adokotala, kenako mzere wa mankhwala, potuluka dzuwa lapendeka. Kapitawo wanga ankangolemba kuti ndajomba. Kutha kwa mwezi envelopu yopepuka.

Tsiku loipitsitsa linali Loweruka lina mu October, dzuwa likuswa mtengo, tikuwerengera katundu wa kutha kwa mwezi. Mmawa ndinamwa mapiritsi anga a shuga otchedwa glibenclamide ndi tiyi ndi kabuledi, ndikudziwa kuti 12 koloko ndidya nsima. Itangokwana 12 yomweyo thiraki ya simenti inalowa pageti, kapitawo nkulamula kuti palibe wopita kukadya mpaka titatsitsa ndi kuwerenga zonse. Ndinamupempha mwaulemu, "Akapitawo, mphindi khumi zokha ndikagule kanthu pageti apa, ndamwa mankhwala." Anandiyankha pamaso pa anyamata onse kuti aliyense pano ali ndi njala, iwe ndiwe ndani. Ndinakhala chete nkupitiriza.

Cha m'ma 2 koloko thukuta lozizira linayamba kutsika kumsana, malaya kumata. Manja kunjenjemera moti cholembera chinkagwa. Manambala papepala ankaoneka awiriawiri, matumba omwewo ndinkawawerenga mobwerezabwereza osapeza yankho. Lilime linalemera, mawu akutuluka okokeka. Anzanga anandiuza pambuyo pake kuti ndinamukalipira dalaivala wa thiraki ija, ine mpaka lero sindikumbukira. Chomwe ndikukumbukira ndi choti ndinakhala pansi, mutu ndatsamira pa matumba, ndikufuna kunena kuti ndipatseni shuga koma pakamwa pakukana.

Kapitawo uja anabwera nkundigwira chibwano, kundinunkhiza m'kamwa, makasitomala akuonerera. Ati wamwa kachasu uyu. Ine amene mowa sindinaulawepo chibadwire, bambo wa ana, mkulu wa kwaya kutchalitchi kwathu! Anaitana alonda, anandinyamula uku ndi uku nkukanditula kunja kwa geti ngati thumba la simenti long'ambika. Palibe anaganiza zoitana galimoto yopita kuchipatala. Amene anandipulumutsa ndi mayi wogulitsa mandasi pageti paja. Amayi ake anali a shuga, ndiye atangoona thukuta ndi maso anga anadziwa. Anatsegula Fanta wa ndalama zake, kundimwetsa pang'onopang'ono poti ndinali ndikutha kumeza. Nzeru zitabwerera ndinatulutsa kamakina koyezera shuga m'chikwama, kanaonetsa 52, Fanta ndamwa kale. Pansi pa 70 ndiye kuti shuga watsika, ndiye ganizani kuti pa matumba paja ndinali pati. Mayi uja akanapanda kukhalapo bwenzi ana anga ali amasiye, ndipo kampani ikanalengeza kuti ndinafa ndi mowa.

Lolemba ndinapeza kalata yondiimitsa ntchito, mlandu wake kuledzera pantchito ndi kutukwana. Pa hearing ndinapita ndi kalata ya adokotala yofotokoza bwinobwino kuti shuga akatsika munthu amaoneka ngati woledzera, ndiponso kuti mapiritsi amenewa amatsitsa shuga ngati munthu wadumphitsa chakudya. Mayi wa HR, ofesi yoona za antchito, anangoiyang'ana pamwamba nkuikankhira pambali, ati kampani si chipatala. Mayi ameneyu mpaka lero ndikamuganiza mtima umandiwira, chifukwa ndi munthu wophunzira, ankadziwa chimene akuchita. Kapitawo ndi mbuli, koma iye ayi. Ndipo anzanga amene tinkadyera mbale imodzi, amene anaona ndikupempha mphindi khumi zija, palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa. Ndikumvetsa kuti ankaopa ntchito zawo, koma zinandipweteka kuposa kalata ija. Anandibweretsera pepala loti ndisainire kuti ndasiya ndekha, ndinakana, anandichotsa.

Malamulo ndinawadziwira pa benchi ya ku Leba. Employment Act ya 2000, lamulo la za ntchito, pa gawo 57, imati sangakuchotse popanda chifukwa chomveka, ndipo usanachotsedwe uyenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Gawo lomwelo limanena poyera kuti kusabwera kuntchito kwa kanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Gawo 61 limati ndi bwana amene ayenera kupereka chifukwa chimene anakuchotsera, akalephera khoti limatenga kuti anakuchotsa mopanda chilungamo. Kwa ine funso linali limodzi: umboni woti ndinamwa uli kuti? Sananditengere koyezetsa kulikonse, umboni wawo unali mphuno ya kapitawo basi. A Leba anawaitana, iwo kumangozemba, nkhani inapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito, ku Blantyre. Inatenga nthawi yaitali moti katundu wina wa m'nyumba ndinagulitsa, ma strip oyezera ndinasiya kugula. Pamapeto anavomera kuti tikambirane kunja kwa khoti, anandipatsa severance (ndalama za zaka zimene ndinagwira ntchito), ndalama za notisi ndi kachipukuta misozi kochepa. Ntchito sinabwerere, ndipo kapitawo uja ndikumva kuti akadali pomwepo.

Tsono inu, za kukudulani tsiku la kiliniki zo. Gawo 46 limati mukagwira ntchito miyezi 12 mosalekeza muli ndi masabata 4 a tchuthi chodwala pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro, chaka chilichonse, bola pakhale kalata ya dokotala wovomerezeka. Ndiye musamatuluke ku kiliniki opanda kapepala kadidindo kosonyeza kuti munali kumeneko, buku lokha ena amalikana. Perekani fotokope, chenicheni sungani kunyumba. Za tsankho zili mu gawo 5, ndiponso mu gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino. Mawu oti shuga mulibemo, muli kulumala ndi mkhalidwe wina uliwonse wa munthu, ndiye pamafunika wodziwa malamulo akuthandizeni kulumikiza. A Legal Aid Bureau alipo a anthu ngati ife osatha kulipira loya, a Malawi Human Rights Commission nawonso amalandira madandaulo.

Auzeni abwanawo za matenda anu, koma molemba. Ndikudziwa ndanena kuti ine kuwauza ndi kumene kunandiputira mavuto, komabe kalata ndi imene idzakuimirireni tsiku loipa, chifukwa pakamwa amadzakana kuti sanamve. Lembani zinthu zochepa zomveka: masiku a kiliniki, nthawi yodyera yosasuntha, mphindi zoyezera shuga, ndi malo aukhondo obayira ngati muli pa insulin. Adokotala alembenso yawo. Wolandira kalatayo asainire pa kope lanu ndi deti. Koma ngati mukufunsira ntchito kwina, pa interview musayambe ndinu kutchula za shuga, lowani kaye.

Musakangane nawo mokweza mawu, akufuna pomwepo kuti akulembereni za mwano. Ine ndiye sindikanatha kudekha, koma inu yesetsani. Chinthu chimodzi chokha musawamvere: akati musadye, idyani. M'thumba musasowe maswiti kapena kapepala ka shuga, masipuni ang'onoang'ono atatu amakwana kukudzutsani, kenako mudye chakudya chenicheni. Akuloleni kapena asakuloleni, pitani kuseri mukadye, kalata ya chenjezo mudzaiyankha muli moyo. Pezani mnzanu mmodzi wokhulupirika pantchitopo, mumuuze zizindikiro, mumuuzenso kuti mukakomoka asakuthireni chakumwa m'kamwa, akuthamangitsireni kuchipatala. Ngati mumamwa glibenclamide ndipo nthawi yodyera kuntchito kwanu sidziwika, kawafotokozereni adokotala, mankhwala musasinthe nokha.

Pepala lililonse loti mwasiya nokha musasainire, ngakhale akulonjezeni ndalama za pompopompo. Akakuchotsani, muli ndi miyezi 3 yokha yokadandaula kwa District Labour Officer, mkulu wa ku Leba m'boma lanu, ndiye musadikire kuti mtima uyambe watsika. Yambani lero kusunga ma payslip onse oonetsa masiku amene anakudulani, ndi mauthenga onse a pa WhatsApp a abwanawo muwajambule asanawafufute. Mwagwirapo nthawi yaitali bwanji pamenepo, ndipo kontirakiti anakupatsani yolemba? Ndiyankheni pompano, ndikutumizirani ku inbox mmene mungalembere kalata ija.