Yankho la funso lako la gemu ija, umvere mpaka kumapeto msuweni

Eee msuweni, mwadzuka bwanji kumeneko ku Ulongué? Meseji yako ndinaiona usiku koma ndinali nditatopa, kuno ku Tete kukutentha moti foni ikuchita kuwotcha m'manja, ndiye ndati ndingolankhula, kulemba sindingathe. Amayi aang'ono ngati mukumvera nawo pa gulupu pano musadandaule, mawu oipawo sinditchula, ndiziwalambalala.

Wafunsa kuti gemu ndinasiya mu laputopu ija ili ndi pozimitsira zotukwana kapena ayi, poti mnyamata wathu watulutsa liwu lija agogo ali pomwepo. Funso lako ndi lomwelo. Koma iwe ndimakudziwa, tadyera mbale imodzi, ukafunsa mofatsa chonchija ndiye kuti m'kati wapsa. Chimene ukunena n'choti ine ndakuwonongera mwana. Usakane, ndikukuona ukupukusa mutu ngati tsiku la mbuzi ya ku Dedza lija. Ndiye pansi pake pali chinanso, ukuopa kuti anthu ayamba kunena kuti chichokereni bambo ake mwana walowerera, mayi zamukanika. Zimenezo ndiye zikukusowetsa tulo, osati batani la mu gemu.

Choyamba, ndinalakwa. Gemu imene ija ndi The Witcher 3, inatuluka 2015, anaipanga a CD Projekt Red a ku Poland, ndipo ndi ya zaka 18. Ku Ulaya kuli aja a PEGI, oika msinkhu woyenera pa magemu, anayamba 2003, amalemba 3, 7, 12, 16 kapena 18, ndipo ngati muli mawu oipa amaikanso kachithunzi ka munthu... ayi si munthu, ka mawu otuluka m'kamwa kokhala ndi tizizindikiro. Mwana ali ndi 13. Laputopu ndinamusiyira chifukwa cha sukulu, kufufuta ndinaiwala, zimenezo ndi zanga ndipo zikundiwawa. Komanso 18 ameneyo si wa kutukwana kokha, muli magazi, muli za akuluakulu za kuchipinda. Pozimitsira ine ndinasakasaka monse sindinapapeze, chimene ungachite n'kutsitsa mawu kapena kusintha chilankhulo. Ine ndinaika Chipwitikizi cha ku Brazil, n'chifukwa chake watola liwu loyamba ndi p lija, lomwe lija makondakitala a shapa, maminibasi aja, amaliponya tsiku lonse.

Koma dikira, ndisanapitirire, ukuwakumbukira amalume a ku Domwe? Ee, a ngolo aja. Iwe unali wamng'ono, tinali titangobwerako kumene nkhondo itatha, kaya 93, ayi 94, chaka chimene denga la agogo linasasuka chija. Munthu uja pa nkhani yotukwana ng'ombe panalibe womuposa dera lonse. Ndipo sankabwereka mawu a munthu, ankapeka ake. Ng'ombe yakumanzere ija ankaiti iwe mutu ngati chitsa cha mpsereza, mwana wa mfiti yosauka yosowa ndi lichero lomwe. Yakumanja ankaitchula mpaka makolo ake a ku dibi. Zina sindinganene pano. Ife tinkathamangira ngolo osati kufuna kukwera ayi, kufuna kumva chatsopano chimene atulutse lero.

Ndiye tsiku lina nthawi ya dzinja atapakira mbatatesi matumba mpaka pamwamba, ngolo inatitimira pa kamtsinje kaja ka kumunsi kwa dimba. Ine ndinali pambuyo ndikukankha, matope mpaka m'mawondo. Amalume ayamba, ee, mawu akutuluka ngati matalala, ng'ombe zayamba kukoka, teyala langotsala pang'ono kutuluka. Kutukula maso, apongozi awo akutsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Msuweni, munthu uja anatseka pakamwa ngati wameza ntchentche. Anavula chipewa, kupatuka panjira, kunjuta kuseri kwa chitsamba maso pansi. Ng'ombe nazo zinangoima. Ngolo n'kubwerera m'matope momwe inachokera, ine ndikulira kumbuyo. Apongozi aja sanafulumire ayi, anatula nkhuni, kusamba m'miyendo, kumwa madzi, kumanganso mtolo bwinobwino. Amalume ali chete, udzudzu ukuwadya, osadzikanda n'komwe. Atawoloka gogo uja anangolankhula akuyang'ana kutsogolo, ngati akuuza mtengo, amvekere auzeni eni ng'ombe apitirize, zanga ndamva kale ndili kuphiri. Koma amalume anadikirabe mpaka mtolo utabisika kuseri kwa chulu, ndiye kuyambiranso. Tinafika mochedwa, ogula atapita, mbatatesi tinagulitsa motchipa. Sanadandaule ngakhale kamodzi.

Ndipo pa maliro awo ukukumbuka, apo unali wamkulu, adzukulu anavala chijasi chawo chija n'kumatukwana ng'ombe za m'maganizo pabwalo, anthu kuseka misozi ili m'masaya, ndi amayi a mvano omwe. Palibe anati zolaula. Inali nthawi yake, ndi anthu ake.

Hmm, ndimati chiyani... ee, gemu. Ukudziwa chimene chinandikumbutsa amalume? Mu Chingerezi cha gemu imeneyi anthu ake akafuna kutukwana amagwiritsa ntchito liwu la kugawula munda ndi pulawo. Zoona, kulima kwenikweniku, kwa iwo ndi chitukwano. Magemu a mafumu ndi zilombo ambiri amatero, amapeka matukwano a dziko lawolo. Mu Skyrim, ya 2011 ija, munthu wamantha amamunena kuti womwa mkaka, basi, kwa iwo wamunyoza kwambiri. Mu Dragon Age amalumbira potchula mulungu wawo wa m'nkhanimo. Ine zopeka zoterezi ndimazikonda kuposa kungotola mawu a pa siteji, chifukwa zimakuuza kuti anthuwa amaopa chiyani, amalemekeza chiyani. Koma The Witcher imasakaniza, zopeka ndi zenizeni zomwe, ndipo sindinganame kuti ndi zopanda chifukwa. Dziko lake ndi la nkhondo, midzi yotenthedwa, anthu othawa kwawo atakhala m'mbali mwa msewu, asilikali oledzera. Amayi aang'ono mukudziwa, msilikali wolanda mbuzi salankhula ngati katekisiti. Akanawapatsa mawu aulemu bwenzi lili bodza. Otukwana kwambiri m'menemo ndi zidakwa, achifwamba, asilikali. Ndipo nkhani yake yeniyeni ndi ya bambo, Geralt, akuyendayenda kusaka Ciri, mwana amene anamulera ngakhale sanabereke yekha. Bambo wosaka mwana, msuweni. Sindikunena zambiri, koma dzifunse chifukwa chake mnyamata amakhalapo mpaka batire kutha.

Ndiye chimene ndikufuna kunena ndi ichi. Mwana uja sanawonongeke. Liwu analitola, koma kulemera kwake sakukudziwa, ndipo sakudziwa kuti lili ndi malo ake. Chipwitikizi kwa iye ndi chilankhulo cha sukulu ndi pa TV, liwu likatuluka silimuwotcha pakamwa. Tamufunsa kuti zomwezo azinene m'Chichewa agogo ali pamphasa, uona, lilime lidzakana lokha. Ife tinamva zoopsa kuposa apa kumbuyo kwa ngolo, koma tinaonanso munthu yemweyo atanjuta kuseri kwa chitsamba. Iye wamva kutukwana kokha m'mahedifoni ali yekha, kunjutako sanakuone.

Usamukwapule, chonde. Ndikudziwa dzanja lako, ndili ndi chipsera cha chipande chija mpaka lero, ndiwe mkazi wanga wa chisuweni koma ukali wako ng'ombe za malowolo zingathawe zokha. Ukamukwapula aphunzira kubisa basi, azikatukwanira kuseri kwa sukulu. Khala naye pansi madzulo, umufunse kuti amene ananena liwu limenelo mu gemu ndi ndani, anali munthu wotani, amauza ndani. Akuuza yekha kuti anali chidakwa kapena wachifwamba. Kenako umuuze tanthauzo lake m'chilankhulo chathu, mosabisa, ngakhale uchite manyazi. Akatero apite yekha kwa agogo akagwade apepese, osati iwe kumupepesera.

Aa, pepani, njinga yamoto ikudutsa... ndimati, vuto si loti wamva. Kumva amva basi, pa msika, pa shapa, ku mpira, ungatseke makutu a mwana wa zaka 13? Chimene akusowa ndi munthu womuonetsa kuti apa pali apongozi, vula chipewa. Ndipo munthu ameneyo sukuyenera kukhala iwe wekha. Amalume ake enieni alipo awiri pa gulupu pompano, akungowerenga osayankha, ndakuonani achimwene, timizere tabuluu tikuoneka. Inenso ndilipo.

Gemu ija ndidzaichotsa ndekha, usayese iwe ungafufute ndi zolemba zake za sukulu zomwe. Koma ndidzamuuza maso ndi maso chifukwa chake, ndipo ndidzasunga pamene wafika kuti akadzakula adzapitirize, asaone ngati tamulanda chifukwa chomuda. Ndimupezera ina ya msinkhu wake. Ndipo nkhani ya ngolo ija ndikamuuza ndekha, yonse, mwina ndi mawu ena a ng'ombe yakumanja omwe tikakhala awiri kudimba, kuti adziwe kuti akumva kwa ine kumeneko ndipo zithera kumeneko.

Wandimva eti? Sunalephere kulera, mwana sakudziwa malo a mawu basi, ndipo timuonetsa. Ndibwera Loweruka ndi shapa ya m'mawa, ndikafika pa Moatize ndikuimbira. Undisungire mbatatesi ndowa imodzi ndi mapichesi ngati ayamba, kuno n'zodula. Uwauze agogo kuti mankhwala a miyendo aja ndagula, ndibwera nawo.